Mwendo wa Ng'ombe ndi Nsimbi ya Aneba

"Mayi, magetsi akathima musamadandaule. Muziwaopa pobwera."

Anandichenjeza choncho ndi bambo wina amene ankakonza makina ocheka matabwa ku Chikangawa, kumene malemu amuna anga ankagwira ntchito ya zankhalango. Ankati magetsi amachoka mwaulemu, koma pobwera amalowa ngati woledzera, n'kupsereza chilichonse chimene achipeza pa soketi. Ine sindikhulupirira munthu chisawawa. Koma mwezi womwewo wailesi ya khomo loyandikana nafe inafuka utsi ine ndikuona ndi maso angawa.

Kuyambira pamenepo, ngakhale titadzamanga kuno ku Mzimba boma, mwambo wanga ndi umodzi. Magetsi akangothima ndimazula mapulagi onse, kenako ndimakwera pampando n'kugwetsa swichi yaikulu ija ya pamwamba pa chitseko. Sindiikwezanso mpaka nditamva chigayo cha kuseri kwa nyumba yanga chikulira. Chigayo sichinama, ndiponso chikapirira magetsiwo chokha, ndiye kuti akhazikika.

Mwana wanga wamwamuna ali ku Joni, monga ana ambiri a kuno. Chaka china anaimba foni.

"Amama, ndikutumizireni filiji. Ndaona ina yaitali, ya zitseko ziwiri, yotulutsa madzi pakhomo pake."

"Ibwera ndi ndani?"

"Ndi onyamula katundu aja, amama."

"Umawadziwa kwawo?"

Anaseka mpaka kutsokomola. Ndinamuuza kuti chinthu chimene sindinachigogode ndi chala changa sichilowa m'nyumba mwanga. Tinagwirizana kuti ndikasankhe ndekha m'sitolo za konkuno, za ndalama akonza yekha ali komweko.

Wogulitsa anali mayi wa pakamwa potsekemera. Anandikokera pa filiji yoimirira, yonyezimira ngati galasi.

"Iyi njiweme chomene, agogo, yabwino zedi! Alendo akangolowa, mbwenu adziwa kuti pano pali munthu."

"Ndiye vuto lake limenelo," ndinatero. "Tatsegulani."

Atatsegula, kuzizira konse kunandigwera kumapazi ngati madzi otayika. Ndinadziwiratu kuti imeneyi tsiku la mdima singasunge kanthu. Pakona panali ina yogona, yonga bokosi, yotsegula chapamwamba, ija amati dipu. Ndinaweramiramo. Kuzizira kunali phee pansi, ngati madzi a mumtsuko. Ndiye pachivundikiro pake ndinaona kabowo.

"Aka n'kachiyani?"

"Ka kiyi, agogo."

"Mangani, ndatenga imeneyi."

Anayesa kundiwonjezera ketulo, hotipuleti ndi nsimbi yamagetsi. Zonsezo ndinakana. Mbaula yanga sinandikhumudwitsepo, ndipo nsimbi yanga yamakala, ya katambala pamwamba, inasita mayunifolomu a ana anga onse. Kiyi wa dipu ndinamumanga pa chingwe, ndipo mpaka lero amagona pakhosi panga.

Kuseri kwa mpanda wanga kunkakhala anamwino ena ochokera ku Dedza, mayi wanthabwala, woseka mokweza. Ndinkawaitana kuti aneba. Sanandilakwirepo, komabe ndinkawayang'anitsitsa, chifukwa munthu wosalakwa n'komwe amandidabwitsa. Iwo anali ndi sola padenga, moti kwawo mababu ankayaka kaya magetsi alipo kaya palibe.

Tsono mdzukulu wanga wamkazi, amene ndinamulera ndekha, anapeza mwamuna, mphunzitsi wa ku Embangweni. Akuchimuna anati abwera Loweruka kudzakamba za malowolo, ndipo alamu anga a ku Edingeni, amene ankayenera kutsogolera nkhaniyo, anatumiziratu mwendo wathunthu wa ng'ombe pa njinga yamoto. Kuno kwa Angoni alendo otere suwapatsa nyemba. Ukawapatsa nyama yoti yayamba kununkha, mbiri imakafika ku Jenda iwo asanakwere n'komwe basi, ndipo mwana wako amalowa m'banja atanyozeka kale. Ndinaiduladula nyamayo, n'kuiyala mu dipu pamodzi ndi mabotolo a madzi oundana, n'kukhoma. Mdzukuluyo anali ku Mzuzu kuntchito, kunyumba ndinali ndekha.

Kumayambiriro kwa sabata kunagwa mvula yamphepo, mtengo n'kugwera mawaya chakumsika. Magetsi thi! Ndinachita mwambo wanga: mapulagi, mpando, swichi. Kenako ndinatenga mabulangete okhuthala a ku Chikangawa aja n'kuifunditsa dipu ngati wodwala malungo. Ndinalumbira kuti sinditsegula, ngakhale kusuzumira, ndipo sindichoka pakhomo.

Aneba anasuzumira pampanda.

"Agogo, bweretsani nyamayo ndikakusungireni kwa mnzanga. Ali ndi jenereta."

"Yewo, aneba. Ili bwino pomwe ilipo."

"Mukuopa kuti tidyako?"

"Sindinatero. Koma nyama yokagona kwa eni imabwera itaonda."

Anachoka akuseka. M'mawa mwake anaitananso.

"Agogo! Abweratu magetsi!"

Ndinatchera khutu kuseri. Chigayo chili zii.

"Yewo, aneba."

Sindinasunthe. Maondo angawa sakwera pampando chifukwa cha mphekesera. Ndiponso munthu wa sola angadziwe bwanji za magetsi a anzake? Ndinaganiza kuti mwina angophethira n'kuthawanso, monga amachitira akamakonza mawaya, ndipo kuphethira kumeneko n'kumene kumapha zinthu. Madzulo ndinaona kuwala kwawo, koma kwawo kumawala masiku onse.

Tsiku linalo anaitananso, ine yankho lomwelo. Koma kunena zoona sindinkakhalanso pansi. Ndinkapita pa dipu, kugunditsa mphuno pamphepete pa chivundikiro, kununkhiza. Ndinkapisa dzanja pansi pa bulangete kuti ndimve ngati chitsulo chikadali chozizira. Chinali chitayamba kuchita thukuta. Ndinkaona m'maganizo azakhali a mnyamatayo akukankhira mbale kumbali mwaulemu, ulemu uja wopweteka kuposa chipongwe.

Lachisanu chakumasana ndinamva kugogoda pageti, kwamphamvu ngati apolisi. Nditasuzumira pa kabowo ka getiyo ndinaona aneba ali wefuwefu, yunifolomu yosamanga bwino mabatani, m'manja atanyamula nsimbi yamagetsi, chingwe chikukwekwereka pansi.

"Tsegulani msanga isanazizire!"

Ndinatsegula pang'ono.

"Gwirani apa, agogo."

"Ndigwire chifukwa chiyani?"

"Gwirani! Kasola kanga kaja kangatenthetse nsimbi? Kamalephera ndi wailesi yomwe!"

Ndinanyowetsa chala ndi malovu n'kukhudza. Tswii! Ndinachotsa msanga.

"Mwina mwaiika pa mbaula."

"Mayo ine! Tembenuzani muone ngati pali mwaye!"

Ndinaitembenuza. Ndinayang'ana pansi pake, m'mbali, ndi kumchira komwe. Ndinainunkhiza. Panalibe mwaye, panalibe fungo la makala, koma kafungo ka nsalu yositidwa kumene.

"Nanga chigayo bwanji chili chete?"

"Mwini wake ali kumaliro ku Jenda, anatseka! Tauni yonse ikudziwa, kupatula inu amene mwadzitsekera muno ndi ng'ombe yanu!"

Ndinakwera pampando, iwo atandigwirira miyendo. Ndinakweza swichi, ndinayatsa babu limodzi lokha, n'kuliyang'ana kanthawi ngati likunjenjemera. Linali njo. Pamenepo ndinalumikiza dipu, ndipo inayamba kung'ung'udza pansi pa mabulangete. Nyimbo yokoma ngati imeneyo sindinaimvepo ngakhale kukwaya.

"Tsegulanitu tione," anatero aneba.

Ndinavula chingwe pakhosi. Ndinalowetsa kiyi n'kutsegula. Aneba analowetsa mutu wonse, poti mphuno ya namwino imadziwa zambiri.

"Ilibe vuto! Yapamwambayi yafewa, koma siinayambe. Yapansiyi ndi mwala weniweni, mungaphe nayo munthu."

Ndinanunkhizanso ndekha, nthuli ndi nthuli. Zinali zoona. Mabotolo aja anali asanasungunuke onse. Yofewayo tinaidula timizere, kuthira mchere, n'kuiwamba pa mbaula masana omwewo, aneba akundinena, ine ndikuwayankha.

"Mukanandimvera poyamba paja, bwenzi tikuvutika chonchi?"

"Ndikanagula yoimirira ija, bwenzi pano tikukumba dzenje."

Alendo anabwera, anadya mpaka kupempha zotokosera m'mano. Azakhali aja anafunsa amene anawamba nyama ija, ati inawakumbutsa kwawo kalekale. Za ng'ombe za malowolo anagwirizana dzuwa lisanapendeke, ndipo mdzukulu wanga anatuluka kukagwada nkhope ili gwa, yosachita manyazi ndi kanthu. Aneba ndinawapatsa nthuli yabwino ya pantchafu. Ndinasankha ndekha, iwo ataima panja.

Ena amati ndinaonjeza. Ine ndimati palibe chinapsa, palibe chinaola, palibe chinasowa. Mwambo wanga sindinasinthe. Chimene chinasintha n'chakuti kuyambira tsiku limenelo, magetsi akabwera, aneba ankangokweza nsimbi pamwamba pa mpanda, ine n'kuikhudza.

Koma chaka chatha anawasamutsira ku Kasungu. Mdzukulu ali kwa amuna ake ku Embangweni. Mwini chigayo naye, atatopa ndi kuthimathimaku, anagula injini ya dizilo, moti tsopano chimalira nthawi iliyonse, mboni yanga yasanduka yabodza. M'nyumba ya aneba munalowa anyamata a zamatabwa amene sindinawamvetsebe.

Choncho inu amene mwawerenga izi, mukamadutsa kuno ku boma, njira yotsikira kuchigayo, mudzaona mpanda wautali wa njerwa wokhala ndi mabotolo oswa pamwamba. Mukaona kwa ena kukuwala koma kwanga kuli bii, musangodutsa. Gogodani, mundifunse ngati ndadzuka bwanji, mundiuze kuti abwera. Geti sinditsegula lonse, ndipo mawu anu okha sindiwakhulupirira. Mubwere ndi nsimbi, ikadali yotentha.