Matayala Anayi a kwa a Makawa

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri pamene ababa anagula galimoto yawo yoyamba, kagalimoto koyera kamene kanali katayenda kale kunja. Tinkakhala ku Chikamveka, ndipo ababa anali kalaliki mu ofesi ina ya boma. Anali munthu wofatsa, wolankhula motsitsa mawu, moti munthu akawaponda phazi mu minibasi, opepesa ankakhala iwowo. Anthu ankati ine ndinatengera iwo. M'kalasi mayankho ndinkawadziwa koma dzanja silinkakwera, ndipo zimene ndalephera kunena masana ndinkazilemba m'kabuku kanga ndikaweruka.

Chaka chimenecho amayi aang'ono, a Esnati, ankakwatiwa. Ku Zomba ukwati sukoma popanda zithunzi za kuphiri, pa damu la Mulunguzi, mitengo ya paini ili kumbuyo. Komiti ya ukwati inagwirizana kuti galimoto ya ababa ndi imene idzanyamule mkwatibwi ndi tiana tiwiri tomwaza maluwa. Ababa anakondwa kwambiri. Vuto linali matayala. Anali atatha, osalala ngati mutu wa dazi, pamene msewu wa kuphiri ndi wopapatiza, wokhotakhota, mbali ina thanthwe, mbali ina phompho.

Amayi ankafuna kuti tigule atsopano m'tauni, ngakhale awiri okha, enawo pambuyo. Ababa anakana.

"A Makawa ali nawo anayi a kaunjika, abwinobwino. Ndi munthu wa kumpingo uja, sangatipusitse."

A Makawa anali mkulu wa mpingo kwathu, wotsogolera nyimbo, wa mawu okoma ngati wailesi. Ku Sande sukulu ankatigawira maswiti. Ankagulitsa matayala ku Chinamwali, m'kashedi ka malata m'mphepete mwa msewu.

Ine ndi ababa tinapita Loweruka, kutatsala sabata kuti ukwati uchitike. Kunali fumbi, mabelu a akabaza, fungo la chipisi. A Makawa anatilandira ndi manja awiri.

"Aa, achimwene, mwafika! Mwabwera ndi mwana wathuyu kudzadalitsa malonda?"

Matayala anayiwo anali atawandandalika kale, akuda bii, onyezimira, mizere yake yakuya. Pambali pathu dalaivala wina wa minibasi anali atagwada, akupisa kiyi m'mizere ya tayala lina. A Makawa anamuloza.

"Mukuwaona awa? Ndi a Tomasi. Sakhulupirira asanapise chala."

Aliyense anaseka, ababanso anaseka. Kenako a Makawa anati, "Yang'anani nokha, achimwene, musachite manyazi."

"Iyayi abambo, ngati mwayang'ana inu, basi," anayankha ababa, manja ali kumbuyo. Sanawerame n'komwe.

Matayala akumangidwa, ine ndinanong'oneza ababa kuti ndikufuna kukataya madzi, ndipo anandilozera kuseri kwa shedi. Kumeneko ndinapeza bambo wina wa ovolosi atakhala pa njerwa, tayala losalala lili pakati pa miyendo yake, mbaula ikuyaka pambali. Ankatenthetsa kampeni kopindika kumapeto, n'kumasema mizere pa tayalalo, pang'onopang'ono, mosamala ngati wolemba pa bolodi. Pansi panali mbwee tizidutswa ta labala tokhala ngati nyongolotsi. Utsi wake unkaswa mphuno. Pansi pa mzere wina ndinaona kawaya kakung'anima. Bamboyo anapisa nsanza m'chitini cha polishi wa nsapato, n'kupaka, kawaya kaja n'kusowa.

"Mwana iwe, chimbudzi ndi uko," anatero osakweza mutu.

Madzi aja anandithera okha. Nditabwerera ndinapeza a Makawa atasanjika dzanja pa boneti, maso ali chitsinzinire, akupempherera ulendo wa akwati. Ababa anali atavula chipewa. Ine sindinatsinzine. Ndinkangoyang'ana matayala akuda aja.

Matayala athu akale anatsala kwa a Makawa. Tili m'njira ndinalimba mtima. Mawu anatuluka aang'ono, koma ndinanena zonse: mbaula, kampeni, kawaya, polishi. Ababa anayankha maso ali pa msewu.

"Mwina amenewo ndi a anthu ena. Athuwa ayi."

"Ababa, tiyime tiwaone."

"Thoko, a Makawa anakunyamula m'manja tsiku la ubatizo wako."

Titafika kunyumba anatsika, n'kuzungulira galimoto akuyang'ana kumwamba ngati akufufuza mvula. Pansi sanayang'anepo. Apa m'pamene mtima wanga unagunda kuposa kuseri kwa shedi kuja, pakuti ndinazindikira kuti ababa andikhulupirira. Ankaopa kuyang'ana, chifukwa akanaona, akanayenera kubwerera kukayang'anizana ndi a Makawa. Ine ndinkaganiza kuti manyazi ndi matenda a ana, munthu akakula amachira. Tsiku limenelo ndinalemba mzere umodzi wokha m'kabuku kanga: Ababa nawonso amaopa anthu.

M'mawa mwake, Lamulungu, a Makawa anayimbitsa nyimbo mokoma monga mwa masiku onse. Mapemphero atatha, amayi anatsalira ku msonkhano wa amayi, ndipo ababa anati tikwere kuphiri tikaone malo ojambulirapo zithunzi.

"Ukaone wekha kuti matayalawa ali bwino," anatero, koma ankaoneka ngati akuuza mtima wawo.

Pokwera panalibe vuto. Pa damu panali kamphepo kozizira, nkhungu ikuyandama pamwamba pa madzi, fungo la paini lili ponseponse. Ababa anandigulira mabulosi ofiira kwa mayi wina m'mphepete mwa msewu, n'kugogoda tayala ndi nsonga ya nsapato.

"Waona, mayi? Unkadandaula chiyani?"

Ndinamwetulira kuti asakhumudwe.

Potsika ankayenda pang'onopang'ono, phazi lili pa buleki. Tikulowa pa kona ina ndinangomva phaa! ngati mfuti. Galimoto inagwedezeka, n'kuyamba kukokera kuphompho. Pa windo langa ndinaona nsonga za mitengo zili pansi pathu, ndi madenga a m'tauni ang'onoang'ono kutali. Sindinakuwe. Ababa analimbana ndi chiwongolero, galimoto inatembenukira mbali ya thanthwe, n'kugwera m'ngalande, khuu! Kenako zii.

Mabulosi aja anali ataphwanyikira pa diresi langa loyera la kutchalitchi. Ababa atacheuka anaona kufiira pachifuwa panga.

"Thoko! Thoko mwana wanga!"

Chibadwire ndinali ndisanawamvepo akukuwa. Anyani amene anali pa thanthwe anathawa.

"Ndi mabulosi, ababa. Ndi mabulosi chabe."

Anandigwira mutu, mapewa, manja, osakhulupirira. Kenako anatsika, ndipo ali mu suti yawo ya Lamulungu anagwada m'matope pafupi ndi tayala lakutsogolo. Linali litang'ambika motsatira mzere umodzi, mawaya ali panja ngati tsache. Anayenda ndi mawondo kupita pa lina, n'kupisa chala mumzere. Chala chinatuluka chakuda ndi polishi. Anachiyang'ana nthawi yaitali.

Abambo awiri otsika ndi njinga za nkhuni anatithandiza kukankha galimoto ndi kumanga sipeya. Mmodzi anapukusa mutu.

"Bwana, mwagula kuti zimenezi?"

"Kumpingo," anayankha ababa.

Lolemba nditaweruka kusukulu anati ndiwaperekeze ku Chinamwali. Ndikuganiza kuti ankaopa kuti akapita okha akangomwa tiyi n'kubwerako. Anatsitsa tayala long'ambika lija, n'kuligubuduza mpaka pamapazi a a Makawa, makasitomala akuona. A Makawa anagwira pakamwa.

"Kalanga ine! Ndi Satana ameneyu, achimwene. Sakondwa ndi maukwati."

Ababa anayankha chipewa chitakwinyika m'manja mwawo.

"Satana alibe mbaula, abambo. Mwana wanga anali m'galimotomo. Chotsani onse, mundibwezere anga akale aja."

Dalaivala wina anaseka, koma anasiya msanga. A Makawa anayang'ana pansi, n'kunena kuti akale aja n'zosatheka. Awiri anali atagulidwa kale m'mawa womwewo. Awiri enawo anali pompo pa mzere wa malonda, akuda bii, onyezimira, mizere yake yakuya. Limodzi mwa awiriwo ababa analizindikira chifukwa cha chigamba chimene anamatitsa mwezi wapitawo. Mpaka lero ndimaganizabe za galimoto imene inanyamuka ndi matayala athu awiri aja, kaya inalowera kuti, kaya munali ana a yani.

Titabwerera kunyumba ababa anachotsa matayalawo, ndipo galimoto yathu inakhala pa njerwa miyezi ingapo. Ababa anaimirira okha pamaso pa komiti ya ukwati n'kunena kuti singanyamule mkwatibwi, ndipo anafotokoza chifukwa chake osabisa dzina. Ena anang'ung'udza kuti nkhani za kumpingo sizitero. Amayi sanawanene kuti ndinakuuzani. Anangochapa diresi langa, koma banga la mabulosi silinachoke.

Mkwatibwi anakwera galimoto ya mphunzitsi wina wa ku yunivesite, mnzawo wa akuchimuna. M'mawa wa ukwati, galimotoyo itakongoletsedwa kale ndi maliboni, ababa anapita kwa mwini wake, n'kupepesa kawiri, kenako n'kugwada pa tayala lililonse, kupisa chala m'mizere, kusisita m'mbali ngati muli chotupa. Mwini galimoto anadabwa, anthu ankanong'onezana, makutu a ababa ankaoneka kuti akutentha. Koma anamaliza onse anayi, ndi sipeya yemwe. A Makawa anayimbitsa nyimbo pa ukwatiwo, ndipo mawu awo anali okoma ngati kale.

Lero ndili ndi kagalimoto kanga, ndipo manyazi sanandithere. Ndikapita kogula matayala mtima umagundabe wogulitsa akati, "Aa, mayi, simukundikhulupirira?" Ndimamwetulira, n'kuyala chitenje pansi, n'kugwada. Ndimaona ngati manambala a m'mbali akufanana ndi a tayala lakale, ndimafufuza chaka chimene linapangidwa, ndimapisa chala m'mizere n'kuchiyang'ana. Akuluakulu anati manyazi anapha lambe, koma chimene ndinaona pa kona ija n'chakuti manyazi sasankha mwini wake yekha, amatenga ndi amene wakhala pampando wa pambali. Ena amanditcha Tomasi. Ndimavomera, chala chili mumzere.