Thabwa la mlamu wanga ndi mitengo ya pamsika

Mlamu wanga ndamudziwa zaka makumi atatu ndi zinayi, kuyambira pamene anakwatira mlongo wanga. Ndi wolemba zikwangwani. Dzanja ali nalo, zimenezo sindingamumane. Vuto lake sadziwa kukana munthu wovala tayi.

Ine ndimasoka nsapato. Ndinkagwirira ntchito pansi pa mitengo ya kutsogolo kwa msika, pamodzi ndi amayi ogulitsa masamba. Mwini sitolo yaikulu anafuna kuti mitengoyo idulidwe, pakhale poimika magalimoto. Ife tinakana. Tinati dziko likutentha chaka ndi chaka, nanga mthunzi tiupeza kuti? Akhonsolo anaitanitsa msonkhano.

Mwini sitoloyo anapita kwa mlamu ndi pepala losonyeza kutentha kwa zaka zambiri, mzere wake wokwera ngati chitunda. Anamuuza kuti aujambule pathabwa, koma ayambire pa chaka china chimene kunatentha koopsa, n'kulekezera pa zaka ziwiri za mvula yambiri. Zotsalazo akuti sizikwana pathabwa. Mlamu anajambula ndi penti yofiira, mzere wotsika bwinobwino, ngati kuti kutentha kukuchepa.

Pamsonkhano thabwalo analiimika kutsogolo. Manambala onse anali oona, n'chimene chimandiwawa mpaka lero. Nanga ndani akanatsutsana ndi manambala? Mitengo inagwa.

Mlongo wanga ndiye anandiuza kuti mwamuna wake pepala lonse analiona. Nditapita kukamufunsa anaseka, akuti iye amalemba zimene wauzidwa, ngakhale atamuuza kuti alembe zoti pano pakugulitsidwa mkaka wa nkhuku.

"Alamu, ine sindinaname. Ndinangodula," anatero.

"Telala atakudulirani mwendo umodzi wa thalauza, n'kunena kuti nsalu yotsalayo ndi yeniyeni, mungaivale?" ndinamufunsa.

Kenako, pamaso pa mkazi wake, analonjeza kuti ajambula mzere wonsewo pakhoma la msika, ndi penti yake, kuti aliyense aone zimene anabisa.

Tsopano ndimasokera pansi pa lata, guluu amauma ndisanamate nsapato. Amayi ena anasiya malonda chifukwa masamba amafota dzuwa lisanafike pamutu. Mitengo sidzabwerera, ndikudziwa. Chimene ndikufuna n'chakuti amayi aja adziwe kuti sankalota.

Mlamu akamadutsa amandipatsa moni ali tsidya lina la msewu, n'kukuwa kuti sanaiwale. Khomalo sanalikhudzebe.