Fulati ya Pansi Yatsika Mtengo

Azakhali anga ndi telala, ndipo akalambira pa lendi mu fulati ya pansi, pafupi ndi masitepe. Ankaikonda pa chifukwa chimodzi: amuna awo anafa ziwalo, ndipo njinga yawo ya olumala inkalowa ndi kutuluka pakhomopo popanda kunyamulana. Landilodi atamwalira, ana ake sanadikire n'komwe kuti misozi iume. Anaiika fulatiyo pa tsamba la intaneti logulitsirapo nyumba, makina osokera a azakhali akuonekera pakona pa chithunzi.

M'mawa uliwonse, asanalowetse ulusi pasingano, azakhali ankatsegula tsambalo pafoni. Pansi pa chithunzi panali mawu obiriwira akuti ikugulitsidwa. Mtima unkawawawa, koma si munthu wokhala manja lende. Wogula akabwera kudzaona, ankamulandira mwaulemu, kenaka n'kumuonetsa khoma la nkhungu ndi ndowa imene ankaitchera dala pansi pa siling'i.

"Ndikubisireni chiyani, achimwene? Apamwambawa akamasamba, ifenso kuno timasamba."

Ogula ankachoka osacheuka. Tsambalo litalemba kuti mtengo watsika, azakhali anavina. Utatsikanso kachiwiri, anandiimbira: "Mwana wanga, atopa! Posachedwa aileka."

Kenaka mawu anasanduka achikasu: wogula wina akukambirana ndi eni ake. Azakhali anangoti ndi bodza la otsatsa, poti palibe amene anabwera kudzaiona masiku amenewo. "Ndani angagule nyumba osaiona?" Mlungu wotsatira chithunzi chinasowa patsambalo, ndipo iwo anagona tulo tabwino koyamba, poganiza kuti ana aja agonja.

Patapita masiku, ejenti wogulitsa fulatiyo anafika ndi mmisiri wonyamula tepi yoyezera.

"Mayi, ikachoka patsamba ndiye kuti yagulidwa," anatero ejentiyo. "Bwana amene waigulayo amagula zowonongeka zokhazokha, osaziona. Amaphwasula, kukonza, n'kugulitsanso. Pa mtengo woyamba uja sakanaiyang'ana n'komwe."

Azakhali anakhala pampando wa makina. Zimandipsetsa mtima mpaka lero kuti nzeru zawo zomwe ndi zimene zinaitana munthu ameneyo.

Anasakasaka fulati ina ya pansi, koma zoterozo anthu amalimbirana. Imene anaipeza ili pamwamba penipeni, m'nyumba yopanda chikepe. Tsiku losamuka, aneba anawakweza amuna a azakhali m'bulangete, akupumira pakona iliyonse, bambowo akungopepesa ndi lilime lawo lolemera ndi matenda.

Kuyambira tsiku limenelo bambowo sanatsikenso.