Mwana Wosavuta Wapita pa Wailesi

Uthenga unandipeza ndikuyanika makaka pathanthwe, manja ali mbuu. Mpongozi wanga anabwera ndi foni, ati ndi mdzukulu wanu wa ku Balaka. Ndinaika kukhutu.

"Anganga, sewero ndinalemba lija alitenga. Limveka pa wailesi Loweruka masana."

Ine nthungululu, ine kuvina, makaka kumwazika, mbuzi kupeza phwando. Mwana wa kumsana kwanga, mwana ndinamutafunira chinangwa, lero mawu ake akalowa m'nyumba za eni osanena odi. Alhamdulillah.

Koma nditawerama kutola makaka aja, mtima unati dikira kaye. Sewero lake lonena za ndani?

Ndinakumbuka ulendo wake wa m'chilimwe, atabwera kuno ku Chikweo. Mwanayu anaphunzira za mmene mitima ya anthu imayendera, ndiye funso lake silibwera lokha, limabereka linzake kumbuyo.

"Anganga, tsiku limene amayi anandisiya kwa inu kuti ndileke bere, ndinalira?"

"Pang'ono, basi unaleka. Unali mwana wosavuta iwe."

"Nanga atabwera kudzandiona?"

"Unawafulatira, n'kumabereka chitsononkho chako."

Anangoti mhm. Mhm ameneyo sindinamukonde. Ndinati ukufufuza mlandu wa ndani? Iye ati iyayi, palibe mlandu, akuumba munthu wa m'sewero. Ati munthu wotere sayamba ndi dzina, sayamba ndi nkhope, amayamba ndi funso: ali wakhanda, akalira ankabwera ndani? Amene ankati akalira anthu n'kufika, akakula amakhulupirira anzake. Amene ankafikiridwa lero mawa ayi, ameneyo amamata ngati chisoso, mwamuna akachedwa kumsika iye wayamba kale kulira ukwati. Ndiye pali wina anaona kuti kulira n'kutaya madzi, anangoti chete, akuluakulu n'kumamuyamikira kuti ndi wosavuta.

Wosavuta. Mawu anga omwe, mawu ndakhala ndikunyadira nawo pamjigo zaka zonsezi, mwana wawatola pakamwa panga n'kuwatembenuza ngati chitenje.

Ndinamuuza kuti kuno mwana akafika poleka bere amapita kwa agogo ake. Ine ndinapita, amako anapita, ndani anafa? Iye anangondisisita phazi. Munthu akamakusisita osakuyankha, muyang'anitsitse.

Ndiye Loweruka lija, anthu atadzaza pansi pa mtengo wa mango, ine ndinakhala pafupi ndi wailesi ngati wolondera anyani m'munda. Mudzi wonse ukudziwa amene analera mwanayo. Akanena kuti sanakondedwe, chala chiloza ine.

Sewero linayamba. Munali mkazi wosapempha mchere kwa mnzake, wosanena pamene pakumuwawa, womanga katundu mwamuna asanaganize n'komwe zomusiya. Kenaka inalowa nkhalamba, ikutsokomola. Chifuwa changa chenicheni, chija chimayamba pang'ono n'kuthera mokweza. Ndinakoka mpango kufika pamaso, n'kumasuzumira anthu chapansipansi.

Nkhalambayo sinali yolankhula zambiri. Mkazi uja akadwala n'kubisa, iyo inkadziwa pongomva kuti lero mbale zikutsukidwa popanda nyimbo, inkanyamuka osaitanidwa. Ndinadikira kuti ilakwe, ndinadikira kuti aitukwane. Sewero linatha ndikudikirabe.

Chala sichinabwere. Aliyense anali kalikiliki kuloza kwawo.

Ndinati muimbireni.

"Nkhalamba ija ndine?"

"Chifuwa ndi chanu, anganga."

"Nanga mkazi uja anamupanga chonchija ndani?"

"Anganga, ndi sewero."

Anaseka. Kuseka kumeneko ndakusunga, tidzakumasula akabwera pa Idi. Koma lija linali tsiku lovina, ndipo ndinavina mpaka bondo linandikumbutsa zaka.

Tsikulo anabwera mlamu wanga wa ku Mposa, amene analumbira kuti mkazi wa m'sewero ndi mpongozi wake. Anabwera mpongozi wakeyo, amene anati ndi apongozi akewo. Anabwera akazi a shehe ndi wailesi yawo, poopa kuti yathu ithera mabatire panjira. Anabwera msuweni wanga wa ku Chiuta ndi matemba, anabwera wa kabaza amene amamunyamula mwanayo akatsika basi, anabwera anzanga a pamjigo onse. Anabweranso amake a mdzukulu wangayo, mwana wanga, amene anakhala kumbuyo kwa anthu, ndipo ife tikuvina iye anabwereka foni n'kupita nayo kuseri kwa nkhokwe.