Zikang'a za a Elifasi

Kwathu kuno, m'midzi ya pakati pa Nsaru ndi Nambuma, Juni akangolowa aliyense amatuwa. Milomo imasweka, miyendo ya ana imangoti mbuu ngati agona paphulusa, ndipo zidendene zimachita ming'alu ija timati zikang'a. Enafe tinazolowera, timangoti chisanu chidzatha. Koma Febe, mkazi wa a Elifasi oumba njerwa, chisanu ankadana nacho ngati munthu.

Chifukwa chake chinalipo. Njerwa zimaumbidwa nyengo yomweyi anthu atakolola, ndipo dothi lake amaliponda ndi mapazi. A Elifasi ankalowa m'dzenje dzuwa lisanatenthe, madzi a padambo akuluma mafupa, n'kutulukamo litapendeka. Matope ankaumira kumapazi, mphepo n'kudzamalizitsa. Banja lonse linkadyera mapazi amenewo, ndipo Febe ankadziwa.

Anakwatiwa chaka chimene tinavota koyamba zipani zambiri. Sukulu anailekera sitandade 2, koma azakhali ake anam'phunzitsa kuyenga mafuta a nsatsi: kuziyanika mpaka zithetheke, kukazinga, kusinja, kuwiritsa m'madzi, kenako kutapa mafuta oyandama pamwamba. Mafuta ake ndi olemera, ndipo fungo lake silibisika. Amayi anzake a Chigwirizano ankamuseka kuti vasilini wadzaza pa Nsaru, iye akadali m'zakale. Febe ankayankha kuti vasilini ndi wa anthu ovala nsapato.

Tsiku lililonse la chisanu, dzuwa lisanalowe, ankafunditsa madzi, a Elifasi n'kukhala pakhonde miyendo ili m'beseni. Ankawakwecha zidendene ndi mwala, kuwapukuta, kenako kuwadzoza mafuta mpaka alowe. Odutsa ankati mkamwini uyu anam'dyetsa kondaine mwana wa eni. Febe sankasamala. Zaka makumi awiri ndi zisanu zinatha chotero, ana atatu anakula, ndipo a Elifasi sanagonepo ndi chikang'a chotuluka magazi.

Chaka chimene zinthu zinaipa, mwana wawo Gloria, wokwatiwa ku Mpingu, anachira mwana woyamba ndi opareshoni. Febe anayenera kukam'samalira. Anasiya botolo lodzaza pawindo, n'kubwereza katatu kuti, "Bambo a Gloria, madzi ofunda, mwala, mafuta. Musaphonye tsiku." Ankati akhala milungu iwiri, koma bala la Gloria linavuta, inakwana isanu.

Amuna inu, ndikunena inu. Madzi sanafunditsidwe ngakhale kamodzi. Mafuta aja anathera ku tcheni cha njinga. Chidendene cha kumanzere chitang'ambika mozama, anzawo a pabawo anawapatsa nzeru yotchuka masiku ano: guluu uja womatira nsapato. A Elifasi anathira guluuyo m'chikang'a, matope ali momwemo, n'kufinya mpaka chinatsekeka. M'mawa mwake analowanso m'dzenje. Sankamva kuwawa, ndipo ankanyadira kuti mapazi awo ngakhale munga saumva. Palibe ankadziwa kuti kusamvako ndiye anali matenda.

Febe atabwerera, fungo ndi limene linam'lonjera pakhomo.

"Bambo a Gloria, chafa n'chiyani m'nyumba muno? Khoswe kodi?"

"Palibe chafa," anatero a Elifasi ali pamphasa, masanasana. "Kaphazi aka kangotupa pang'ono."

Atavundukula chitenje chimene anafundika kuphaziko, Febe anakhala pansi osafuna. Phazi linali ngati dzungu, chidendene chitada bii. 

Apa nayenso analakwa, ndipo iye mwini sakana. Anakhulupirira manja ake. Masiku awiri anatsuka bala ndi madzi amchere, nadzoza mafuta obwereka, akudziuza kuti mapazi awa akuwadziwa kuposa dokotala aliyense. Tsiku lachitatu thupi la a Elifasi linatentha, ndipo anayamba kumuitana dzina la malemu amayi awo. Febe anathamanga mudzi wonse kupempha ngolo, akulira osabisa. Pachipatala chaching'ono anawabaya chala n'kupeza matenda a shuga. Sanawagoneke n'komwe, anawakweza ambulansi kupita ku chipatala chachikulu mu Lilongwe.

Kumeneko dokotala sanazungulire. Linali Lachitatu. Anati mwendo uyenera kudulidwa m'munsi mwa bondo tsiku lomwelo, apo ayi chivundi chifalikira m'magazi ndipo a Elifasi Lachisanu safika. Popeza wodwala sankazindikira kanthu, pankafunika wachibale woti avomereze papepala.

Mlendo angaganize kuti pamenepa panalibe chovuta, mkazi wake analipo. Koma a Elifasi anali mkamwini, kwawo ku Kabudula, ndipo kwathu mwamuna ali ndi eni ake. Mkazi amaphika, amachapa, amakwecha mapazi, koma za moyo ndi imfa amanena ndi akuchimuna. Febe anatuluka panja ndi kafoni kake, naimbira a Simeon, akulu awo a Elifasi.

"Alamu, akuti adule mwendo lero. Ndikupempha mawu anu."

"Adule chiyani? Musayerekeze, mlamu," anatero a Simeon. "Munthu uja anabwera kwanuko ndi miyendo iwiri. Ife tikumana kaye kuno, tibwera Loweruka tidzaone tokha."

"Akuti Loweruka safika, alamu."

"Amatero kumene achipatala. Inu munali kuti mwendo ukuwola? Akafera pampeni, mlandu ndi wanu."

"Nanga akafa tikudikira, ukhala wa yani?"

Foni inaduka. Anaimbanso, osayankha. Anaimbira mlongo wawo wa a Elifasi, amene anangolira n'kunena kuti iye sangadumphe achimwene.

Febe anabwerera m'wodi. Anaona zonse poyera. Akavomera, akuchimuna adzam'tcha mkazi amene anadula m'bale wawo, ndipo a Elifasi akadzuka n'kupeza mwendo palibe, mwina sadzamuyang'ananso kumaso, poti woumba njerwa wopanda phazi ndi munthu wanji? Akakana, Lachisanu akwera galimoto ya maliro. Anagwada pambali pa bedi nawagwedeza phewa.

"Bambo a Gloria, ndiuzeni inuyo. Ndichite chiyani? Chonde, mawu amodzi okha."

A Elifasi anatsegula maso ofiira, namuyang'ana ngati mlendo. "Fundikani njerwa ndi udzu," anatero. "Zing'aluka ndi mphepo."

Febe anaika mutu pachitsulo cha bedi. Anachita mantha amene sanawamvepo chibadwire, komanso anakwiya: anakwiyira a Simeon, guluu, mpaka Gloria wosalakwa. Anapemphera, koma pemphero linangokhala mawu awiri obwerezabwereza, Ambuye ndithandizeni. Palibe anabwera kudzam'chotsera katunduyo. Anadzuka, namanga chitenje, napita kwa namwino wa pamenepo, mtsikana wotchedwa Flora.

"Ndabwera. Koma sindilemba."

"Palibe kanthu, amayi, mudinda chala."

Flora anagwira chala chachikulu cha Febe, nachipaka inki, nachikanikiza papepala. Febe anatseka maso. Anamva ngati wadula yekha ndi nkhwangwa, komabe mtima unati basi, zatha.

"Iii, amayi, sichinaoneke," anatero Flora. "Taonani, chidindo chadukaduka. Khungu lanu lang'ambika chonsechi, simudzola kodi?"

Febe anayang'ana manja ake ngati a munthu wina. Milungu isanu yochapa matewera m'madzi ozizira ku Mpingu inali itawasandutsa makungwa, zala zonse ming'alu yokhayokha. 

"Pepani, tidindenso," anatero Flora. "Kapena mukufuna muganize kaye?"

Ameneyo anali mpata wothawira, ndipo Febe anauona. Akanatha kunena kuti Mulungu wakana, n'kukhala pansi kudikira Loweruka ngati mkazi waulemu, ndipo palibe akanamuloza chala. Anaima nthawi yaitali, mpaka Flora anayamba kukoka pepala lija.

"Bweretsani," anatero Febe.

Ulendo uno sanadikire kugwiridwa dzanja. Anapaka yekha inki chala cha kumanzere, nachikanikiza ndi thupi lonse mpaka tebulo linasuntha. Chidindo chinatuluka.

Achipatala anawatenga a Elifasi pa kabedi ka matayala, Febe akutsatira mpaka pachitseko chimene anam'letsa kulowa. Anakhala pansi pasimenti yozizira. Posakhalitsa kafoni kanalira m'chitenje. Anali a Simeon.

"Mlamu, tagwirizana kuno kuti musachite chilichonse mpaka..."

"Ndadinda, alamu," anatero Febe. "Alowa nawo kale."

Pafoni panamveka mawu ambiri nthawi imodzi, achimuna ndi achikazi. Febe anadikira kuti atope. Sankadziwa ngati chitseko chija chidzam'bwezera mwamuna wamoyo, ndipo misozi inkagwera pafoni, koma mawu ake sananjenjemere.

"Loweruka mubwere ndithu," anatero. "Mudzandizenge ine mlandu. Ndikufuna mudzandizenge m'bale wanu akumva."