Kumchira kwa Paipi

Ndisanayambe nditchule mboni zanga, chifukwa kuno ku Chowa anthu ali ndi khalidwe loipa lonena kuti ndimathira mchere wambiri m'nkhani. Mboni yoyamba ndi mkazi wanga, amene sananditsutsepo pagulu, amadikira tifike kunyumba. Yachiwiri ndi mayi ophika mabanzi, eni ake uvuni umene nkhani yonseyi yatsamira. Yachitatu ndi aneba athu, mkulu wa mpingo amene anapuma ntchito ku njanji, munthu woti bodza likamuona limawoloka msewu. Palinso mphaka wa mayi a mabanzi, koma ameneyo amagona pantchito.

Kuzizira kwa Juni ku Kabwe nkosafuna mboni. Chaka chimene ndikunenachi tambala wathu analira m'mamawa mawu osatuluka, anadzamveka masana dzuwa litawasungunula. Ndinalipo, ndinawamva. Nyumba iliyonse pamzere wathu inkayatsa mbaula kutenthetsa madzi osamba, utsi wa makala, amene kuno timati malasha, uli tolotolo m'mayadi. Pomwepo uvuni wa njerwa wa mayi a mabanzi, woyaka ndi utuchi wa kwa akalipentala, unkataya kutentha kwake konse m'mwamba, akhwangwala n'kumawotha ulere.

Ine ntchito yanga ndi yowotcherera zitsulo. Ndinapinda paipi yachitsulo ngati njoka yodzikulunga, tinaiika m'khoma la kumbuyo kwa uvuni n'kuilumikiza ku dramu limene tinakweza pansanja. Madzi akatentha amakwera okha, safuna malaiti, choncho magetsi akazima ife sizitikhudza. Kuchokera m'dramumo paipi imodzi inatsika n'kudutsa kuseri kwa nyumba zathu, titaikulunga masaka ndi machubu akale kuti isazizire panjira. Bafa iliyonse inalandira pompi yake. Madzi ankayambira kwa mayi a mabanzi, kupita kwa mkulu wa mpingo, kufika kwathu, ndipo kumchira kunali kanyumba ka apongozi anga, mayi ake a mkazi wanga, kumapeto kwa yadi yathu.

Mkulu wa mpingo anadzisankha yekha kukhala woyang'anira malamulo, ndipo palibe anatsutsa. M'mawa madzi ndi a ana a sukulu ndi othamangira minibasi ya m'tauni. Bulangete sachapira madzi otentha. Wofuna kusosola nkhuku ayambe wapempha, ndipo wopatsa chilolezoyo alandire nthutumba. Lamulo lalikulu linali lakuti paipi ndi imodzi ya tonse, wina asadzidulire yakeyake.

Zoona zake, paipi yonseyo ndinaiganizira apongozi. Tinawatenga ku Petauke chifukwa cha chifuwa, ndipo kukiliniki anatiuza mosabisa kuti utsi wa malasha ndiwo ukuwamaliza. Koma iwo m'mawa uliwonse ankalowetsa mbaula m'kanyumba kawo, kutseka chitseko kuopa mphepo, n'kukhala pambali pa poto kudikira madzi awire. Ndinkafuna mbaula imeneyo ituluke.

Vuto linali lakuti sindikanawauza ndekha. Kwawo mkamwini ndi apongozi sayang'anana, sadyera pamodzi, salankhulana maso ndi maso. Zaka zonsezi ndimadziwa bwino zitenje zawo kuposa nkhope yawo. Tikakumana pakanjira ka kuseri, mmodzi amapatukira m'mpanda wa maluwa, ndipo mpandawo lero uli ndi dzenje lofanana ndi ine, mpaka makutu. Bwerani mudzayeze.

Madzi atayamba kuyenda, aliyense anasamba mpaka kuyera. Mkulu wa mpingo anatuluka m'bafa mkazi wake osamuzindikira, anamufunsa kuti akufuna ndani. Koma pompi ya apongozi sinatsegulidwe. Utsi unkatulukabe pansi pa chitseko chawo.

Ndinatuma mkazi wanga. Iye anaima pakhomo pawo, ine ndinaima kuseri kwa khoma, mawu n'kumadutsa mwa iye monga mwa nthawi zonse.

"Uza amuna ako," anatero apongozi m'chinyanja chawo, "kuti manzi yamene yapita pa bafa yao, ine siningasambe."

"Amama, yapita chabe mu paipi, kuseri kwa khoma," anatero mkazi wanga.

"Yapita. Yaona."

Ndinanong'oneza mkazi wanga kuti awauze kuti madzi alibe maso. Anawauza. M'kati munamveka chifuwa, kenako yankho.

"Nanga njira ya kunyumba kwanga yaidziwa bwanji?"

Mkazi wanga anandiyang'ana. Ine ndinayang'ana nkhuku.

Tinaseka tsiku limenelo, koma kuseka kunatha msanga. Chifuwa chawo chinakula mpaka ndinkachimva ndili pa shedi yanga, chikupyola phokoso la makina. Mkazi wanga anasiya kuimba akamatsuka mbale. M'mawa wina anakawapeza atakhala pansi atatsamira bedi, mutu ukuzungulira, poto akuwira pambali. Anawatulutsa panja kuti apume mphepo, n'kuwafunditsa jekete yanga ya kuntchito poti ndiyo inali pafupi. Atatsitsimuka n'kuzindikira mwini jekete, anaivula mwaulemu, anaipinda bwinobwino, n'kupitiriza kunjenjemera.

Masana omwewo ndinaitanitsa msonkhano pa uvuni. Ndinapempha kuti andilole kukoka paipi ina kuchokera ku dramu, yolunjika kwa apongozi okha.

"Ba neba, tinapangana," anatero mkulu wa mpingo. "Paipi ni imodzi. Mukadula yanu lelo, mailo na ine nizadula yanga, dramu izakhala monga sefa. Chifundo nili nacho, koma lamulo nalo ni langa."

"Lamulo lanu lizawapeza kumanda," ndinatero.

"Imwe amuna, kukamba monga muli pa wailesi," anatero mayi a mabanzi, manja ali m'ufa. "Paipi ikhale imodzi, iyayi nakana? Koma ndani anakamba kuti iyambire pali ine? Iyambire kwa bakulu, bapongozi banu, ibwerere kuno."

Mkulu wa mpingo anavula chipewa, anayang'ana m'kati mwake ngati kuti malamulo anali mmenemo, ndipo sanapezemo chotsutsa. Anangoti njira ikatalika madzi amafika kumapeto atatopa, ndiye wina ayenera kuvomera kukhala kumchira. Onse anatembenukira kwa ine. Ngakhale mphaka anatsegula diso limodzi.

Tinakumba ngalande yatsopano m'mbali mwa mpanda, tikuwaza madzi pansi kuti fumbi lisauluke, poti dothi la kuno, kufupi ndi mgodi wakale wa mtovu, lili ndi poizoni, si lochita nalo masewera. Paipi inachoka ku dramu molunjika kwa apongozi, n'kukhota kubwerera kwa mayi a mabanzi ndi kwa mkulu wa mpingo, ndipo ya kwathu ndinaidula n'kuilumikiza pamapeto penipeni. Tisanakwirire, mkazi wanga anawagwira mkono mayi ake n'kuwayendetsa pang'onopang'ono kuchokera pa dramu mpaka pa pompi yawo, kuti aone okha kuti madzi sapatukira kwa munthu aliyense. Ine ndinabisala kuseri kwa uvuni. Ndinawamva akuima pamalo aliwonse olumikiza, akugogoda paipi ndi ndodo yawo.

M'mawa wake mbaula inali panja, yozizira, itavundikiridwa pansi.

Tsopano ndinene za kumchira. Madzi akachoka kwa apongozi otentha ngati tiyi, amafika kwa mayi a mabanzi ofunda bwino, kwa mkulu wa mpingo ofundirako, ndipo kwa ine amafika atangomva mbiri yoti kwinakwake kuli moto. Mkazi wanga ndi ana anayamba kukasamba kwa agogo awo. Ine kumeneko sindingapondeko. Ndinkalowa m'bafa yanga ngati munthu wokayankha mlandu, ndipo madzi akandikhudza pamsana ndinkaimba nyimbo ya kutchalitchi mokweza kwambiri, kuti anthu asadziwe kuti ndikukuwa. Mkulu wa mpingo anandipempha kuti ndilowe kwaya.

Patapita masabata, m'mawa wina ndikutuluka m'bafa thaulo lili pakhosi, mano akuwombana, ndinaona chitenje chodziwika pafupi ndi mpanda. Ndinalowa m'dzenje langa la m'maluwa. Mkazi wanga anali atapita kumsika, panalibe wodutsamo mawu. Ndinadikira kuti adutse, koma sanadutse. Anaima atandifulatira, akuyang'ana khoma la kanyumba kawo, n'kulankhula ndi khomalo.

"Apongozi," anatero, poti kwawo mkamwini nayenso amamuitana choncho. "Kwanu yafika yotentha?"

Kanali koyamba kundifunsa kanthu popanda munthu pakati. Nanenso ndinayankha maluwa.

"Yotentha maningi, amama. Yanisupula na khungu. Nachita kuthirako yozizira."

"Bodza," anatero.

Ndipo anaseka. Anaseka nthawi yaitali, mapewa akugwedezeka, dzanja lili pakhoma. Ine ndinaima m'maluwamo, madzi akundidontha m'makutu, kudikira chifuwa chimene chinkabwera nthawi zonse pambuyo pa kuseka kwawo. Sichinabwere.