Mawu Operekeza Abusa

Anabwera Lachiwiri m'mawa, mwezi wa Juni, mwera ukuwomba. Ndinali kutembenuza usipa pathandala pomwe wapolisi anaima kumbuyo kwanga nati, "Mayi, siyani kaye nsombazo. Mukufunika ku ofesi."

Chifukwa chake ndinkachidziwa. Kumpingo kwathu ku Nkope, abusa akasamutsidwa timawaperekeza mpaka kumpingo watsopano, ndipo mmodzi amaimirira n'kuwapereka kwa eni ake ndi mawu abwino. Abusa athu atasamutsidwa, mpingo unasankha ine, mtsogoleri wa amayi. Sankadziwa kuti mtsikana wa kwaya amene abusawo anamugwiririra anadzalirira pamiyendo panga. Akuluakulu a mpingo nkhaniyi ankaidziwa, koma mankhwala awo anali lole yosamutsira abusawo.

Lamulungu lowaperekezalo, kumpingo watsopano cha ku Nkhudzi, ndinaimirira tchalitchi chitadzaza. Nditaona atsikana a kwaya atakhala kutsogolo, mawu abwino aja ndinawasiya. Ndinauza amayi kuti asamatume ana awo okha kunyumba ya abusa, chifukwa chakenso ndinachinena.

Kupolisi anandilanda nsapato, duku ndi foni. Anati abusa adandaula kuti ndawaipitsira mbiri komanso ndasokoneza mapemphero. Wondifunsayo sanakalipe. Ankangobwereza chimodzimodzi:

"Tchulani dzina la mwanayo, mayi, mukagone kwanu lero lomwe."

Koma mwanayo anali atandilumbiritsa. Ankadziwa kuti pamudzi amanyoza mtsikana, mwamuna n'kumusiya. Ndinakana kulitchula. M'chitokosi tinkagona pasimenti, ndowa ili pakona. Za ndowayo sindilemba. Chimene ndinkaopa kwambiri chinali chakuti nditopa, dzinalo n'kundipulumuka pakamwa. Amuna anga ankabweretsa chakudya nkhope ili pansi. Amayi anzanga amene tinkavala nawo yunifomu imodzi sanaponde n'komwe.

Patapita masiku, mlonda anatsegula chitseko masana.

"Tulukani, mayi. Mlandu watha. Wodandaula uja anasamutsidwanso."

Ndinafunsa kumene apita. Anandiponyera nsapato zanga nati ndikafunse kutchalitchi. Ndinakafunsadi, koma akuluakulu anangondiuza kuti ndithokoze Mulungu poti ndatuluka.

Lero ndimayenda momasuka, ndipo dzina la mwanayo sindinalitchule kwa munthu. Koma ufuluwu sundikoma, mkwiyonso sunathe. Kwinakwake kuli mpingo umene unalandira abusawo ndi nyimbo, ndipo amayi akumeneko akutuma ana awo kukawatungira madzi. Mudziwo sindiudziwa.